Usanalipire, tsegula katoni uone pulagi

Mphwanga, wandifunsa ngati n'zoona kuti maketulo ndi maayironi a ku Johannesburg amatuluka msanga ku Kamwala, msika wa muno mu Lusaka, komanso kuti woyamba kumene ayambire pati. Amatuluka ndithu. Koma usanawerenge za basi ndi msonkho, phunzira kaye mano a pulagi, pakuti phindu la ambiri limathera pamenepo.

Nyumba zambiri muno mu Lusaka zili ndi soketi ya ku Britain, ya mano atatu amakona, imene pa makatoni amalemba kuti Type G. Ndi yomweyo ku Malawi ndi ku Dubai, ndipo ku Tanzania ndi yofala, choncho katundu wa ku Kariakoo, msika wa ku Dar es Salaam, wodzera paboda la Nakonde savuta kwenikweni. Wa ku South Africa ndi nkhani ina. Pulagi yawo ndi Type M, mano atatu obulungira, onenepa, ndipo pali yatsopano yaing'ono, Type N. Zonse ziwiri sizilowa pakhoma lathu. Mayi akagula ketulo n'kukalephera kuiyatsa ku Chawama, mawa lake ali pakauntala pako, ndipo anzake onse amva kale.

Ena amangoponyamo adaputa yotchipa m'katoni. Ine ndimakana. Ketulo ya mawati 2000 imakoka moto wambiri. Adaputa yopyapyala imatentha, pulasitiki n'kuyamba kununkha, kuzungulira dzino n'kuda bii. M'nyumbamo mumagona ana. Chimene ndimachita n'kudula pulagi yakunjayo ndi kumanga yathu yokhala ndi fyuzi ya 13A. Waya wa bulauni upite kufyuzi, wa buluu kudzino linalo, wobiriwira ndi chikasu kudzino lalitali la pamwamba. Mtengo wa pulagiyo uwerengere uli komweko kopikula, osati utafika. Ukagulitsa chaja ya mano awiri, uwauze makasitomala asamatsegule soketi ndi kamtengo ka machesi kapena msomali monga achitira ambiri. Adaputa yabwino ya chaja ndi ya ndalama zochepa.

Tsono pali mavoti a magetsi (V), muyezo wa mphamvu ya moto. Magetsi a ZESCO ndi 230V, 50Hz. Ku America ndi 120V, ku Japan 100V. Adaputa imangosintha mano, mphamvu ya moto siyichepetsa. Makina ometera kapena choumitsira tsitsi cholembedwa 110V chokha chimapsa nthawi yomweyo. Tembenuza chipangizocho uwerenge kumsana: pakalembedwa 100-240V, monga machaja ambiri a foni ndi laputopu, tenga. Ukamaoda ku Guangzhou, nena momveka kuti ukufuna "UK plug" ndipo akutumizire chithunzi, apo ayi zibwera za mano opendekeka a kwawoko. Za mano awiri obulungira zikakutsalira usataye mtima, a ku Congo amazifuna paboda la Kasumbalesa chifukwa masoketi awo ambiri ndi a ku Ulaya.

Za paboda ndinene mwachidule. Pa Chirundu kapena pa Kazungula onetsa malisiti enieni kwa a ZRA, otolera msonkho. Usadalire dongosolo lopeputsa msonkho wa amalonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa: ilo ndi la katundu wopangidwa m'maiko a bungweli, pamene South Africa ndi Tanzania sali mamembala, ndipo ketulo yopangidwa ku China silowamo. A ZCSA, oona za miyezo ya katundu, nawonso amayendera mashopu, mapulagi ndi maadaputa osakwanira muyezo amalanda.

Poyambira, ine ndikanati usathamangire mbaula ndi maayironi. Yamba ndi machaja, mababu otchaja ndi tinyale ta sola, zimene zimafunidwa kwambiri magetsi akamazimazima, ndipo sizilemera m'basi. Loweruka ubwere kushopu ndi sikuludiraiva yaing'ono, ndili ndi katoni ya maketulo ofunika kusintha mapulagi, uphunzirire pamenepo.