Sofa yong'ambika ndi mwana amene ali m'mimba

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ali ndi pakati pa miyezi isanu. Anawerenga kuti mankhwala amene amathira m'mipando kuti isagwire moto msanga amasokoneza ubongo wa mwana asanabadwe, mwakuti akakula sakonda kucheza ndi anzake. M'nyumba mwawo muli sofa yakale, yong'ambika poika mkono, siponji yake ikuyoyoka. Akufunsa kuti: "Masana aliwonse ndimagona pamenepo. Kodi mwana wangayu ndamupweteka kale? Sofayi ndiitaye?"

Mayi, mtima m'malo. Zimene munawerengazo si mphekesera ayi, koma sizikutanthauza kuti mwana wanu wapwetekeka. Tiyambe ndi kumene mankhwalawa anachokera.

Mu 1975 boma la California, dera la ku America, linakhazikitsa lamulo lotchedwa TB 117, lakuti siponji ya m'mipando izitha kupirira kalawi ka moto kwa masekondi 12. Opanga mipando anapeza njira yachidule: kuthira mankhwala m'siponjimo, makamaka a gulu la PBDE. Popeza sakanapanga mipando ya California payokha, mipando yotere inafalikira kutali. Vuto lake n'lakuti mankhwalawa samamatirana ndi siponji, amangosakanikirana nayo. Mukakhala pansi, siponji imaphwa n'kutulutsa mpweya, ndipo pang'onopang'ono mankhwala aja amatuluka n'kukakhazikika m'fumbi la m'nyumba. Fumbilo limafika m'manja, manja n'kufika pakamwa. Akalowa m'thupi amabisala m'mafuta, ndipo ena amakhalamo zaka. Ku Sweden, atayeza mkaka wa m'mawere umene anausunga kuyambira 1972 mpaka 1997, anapeza kuti PBDE ankachuluka kuwirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu zilizonse. Mayiko a ku Ulaya analetsa mitundu iwiri ikuluikulu mu 2004, ku America anasiya kuipanga chaka chomwecho, ndipo mu 2009 inalowa pa mndandanda wa pangano la Stockholm, limene mayiko anagwirizana loletsa mankhwala oopsa.

Nanga ubongo ukubwerapo bwanji? Apa ndi pamene ine ndimachita napo chidwi. Kapangidwe ka PBDE kamafanana ndi homoni ya chithokomiro, ndipo homoni imeneyi ndi imene imatsogolera maselo a ubongo wa mwana kuti achuluke, asamukire pamalo pake, n'kulumikizana. Miyezi yoyambirira mwana sadzipangira yekha homoniyi, amadalira ya mayi ake, ndipo chithokomiro chake chimadzakhwima cha pakatikati pa mimba. Tsono m'magazi mukalowa mlendo wofanana nkhope ndi mwininyumba, ntchito imasokonekera. Mankhwalawa amadutsanso nsengwa, chifukwa apezekapo m'magazi a pamchombo wa ana ongobadwa kumene.

Pa anthu, kafukufuku wodziwika ndi wa CHAMACOS, wa ku Salinas Valley ku California. Anatsatira amayi kuyambira ali oyembekezera mpaka ana awo atayamba sukulu, ndipo mu 2013 analengeza kuti ana a amayi amene anali ndi PBDE wambiri m'magazi ankavutikirapo kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kugwira tinthu ting'onoting'ono ndi zala, komanso pa mayeso a nzeru. Mu 2017 akatswiri ena anaphatikiza kafukufuku angapo n'kupeza kuti PBDE akachuluka kuwirikiza ka 10, IQ (muyeso wa nzeru) imatsika ndi mapointi 3.7. Taonani bwino nambala imeneyo. Kwa dziko lonse ndi yaikulu, chifukwa ana ndi mamiliyoni. Koma kwa mwana mmodzi, ngakhale mphunzitsi wake sangaizindikire. Ndiponso kafukufuku wotere amaonetsa zinthu ziwiri zoyendera limodzi, sanena motsimikiza kuti ichi ndicho chachititsa icho.

Za kucheza ndi anzake zimene zakuopsani zija, umboni wambiri wachokera ku nyama. PBDE atachotsedwa, m'malo mwake munalowa mankhwala ena, monga Firemaster 550 (m'makampani amenewa kuchotsa chimodzi n'kuikapo m'bale wake ndi chizolowezi, ndipo ine chimandinyansa). Gulu la Heather Patisaul pa North Carolina State University linayesa mankhwalawa pa mbewa zina za m'madambo a ku America zimene zimakhala pabanja, yaimuna ndi yaikazi, n'kulera ana limodzi. Anazisankha dala chifukwa makoswe wamba alibe khalidwe limeneli. Ana a mbewa amene analandira mankhwala ali m'mimba komanso atabadwa anakula mosiyana ndi anzawo. Zazikazi zinali zamantha, zopewa kucheza ndiponso zopewa chilichonse chachilendo. Zazimuna sizinkaonetsa kukonda mnzake wapabanja kuposa mlendo. Ndi zotsatira zoyenera kuziganizira, koma mbewa yopatsidwa mankhwala moyeza m'labu si mayi wogona pasofa. Amene akulemba kuti mipando ndiyo imayambitsa autism (vuto la ubongo limene mwana amavutika nalo kucheza ndi kulankhulana ndi ena) akuthamanga kupitirira umboni.

Tsopano sofa yanuyo. Yang'anani pansi pake kapena pansi pa makushoni. Mukapeza kachikalata kolembedwa TB 117, n'kutheka kuti siponjiyo ili ndi mankhwala. Lamuloli linasinthidwa mu 2013, ndipo mipando yolembedwa TB 117-2013 nthawi zambiri imanena ngati anathiramo mankhwala kapena ayi. Mukapanda kupeza kanthu, musavutike nazo, chifukwa si siponji iliyonse imene inathiridwa.

Chimene sindikufuna ndi choti muyambe kuifwafwaniza nokha, kusolola siponji n'kumaikung'untha. Pamenepo ndiye mungapume fumbi lambiri tsiku limodzi kuposa la miyezi yonseyi. Ngati mungathe kusintha siponji kapena sofa yonse, ntchitoyo agwire wina, panja, inu muli kutali. Ngati simungathe, sokani pong'ambikapo kapena matanipo, n'kuphimba ndi nsalu yokhuthala imene mungamaichape. Pansi muzikolopa, ndipo mipando muzipukuta ndi kansalu konyowa m'malo mosesa mouma fumbi n'kumauluka. Tsegulani mawindo. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, chifukwa njira yaikulu ya mankhwalawa ndi yomweyo ya m'manja. Mwana akadzayamba kukwawa mudzasamale koposa, pakuti makanda amameza fumbi lochuluka kuposa akuluakulu.

Mchere wanu ukhale wa ayodini, popeza chithokomiro sichipanga homoni ija popanda ayodini, ndipo ngati munadwalapo chithokomiro muwauze anamwino kusikelo. Munafunsanso kumapeto ngati kuyamwitsa kuli bwino, poti mankhwalawa amapezeka mumkaka. Yamwitsani ndithu. Madokotala amene amadziwa za PBDE mumkaka amalimbikitsabe bere, chifukwa ubwino wake pa ubongo wa mwana ndi wotsimikizika.