Musawadutse onse, amisala enawa anaona nkhondo

Achimwene, mwafunsa kuti anthu oseketsa aja timawapeza m'mphepete mwa njira m'magemu a RPG (magemu amene mumasewera ngati munthu wa m'nkhani yake), oyankhula zopanda mutu pomwe dziko likupsa, ali ndi phindu lanji, komanso ngati kuli bwino kungowadutsa kuti mumalize nkhani yaikulu msanga. Ena akuyankhani kale kuti amangoikidwamo kuti mudzi usaoneke ngati bwinja. Odzadzitsa malowo alipo ndithu, sindikutsutsa. Koma amene analembedwa bwino amagwira ntchito imene ngwazi ya gemuyo singaithe.

RPG imakunyengererani kuyambira pachiyambi. Mulibe ngakhale nsapato zolongosoka, koma aliyense wayamba kale kukuuzani kuti ndinu wosankhika uja, mfumu ikudikira inu, tsogolo la dziko lili m'manja mwanu. Zimakoma maola oyambirira, kenako zimatopetsa. Woseketsa uja ndiye yekhayo amene alibe nanu ntchito. Ali ndi kavuto kake, kachabechabe kwa inu, koma kwa iye n'kakakulu kuposa chinjoka chanucho. Mukakumana naye mumazindikira kuti dzikoli linalipo inu musanabwere, ndipo muli anthu otanganidwa ndi zawo.

Amene anasewerapo Morrowind, ya 2002 ija, akumudziwa Tarhiel. Mwangotuluka m'kamudzi ka Seyda Neen, mukuyenda phee mumsewu, mukungomva munthu akukuwa kumwamba, kenako khuu! patsogolo panu, wafa. Wavala mkanjo ndi chipewa chosongoka, m'thumba muli mipukutu itatu yamatsenga, pambali pake pali kabuku kake. Mukawerenga kabukuko mupeza munthu akudzitama kuti watulukira njira yoyendera mtunda wautali ndi kudumpha kumodzi, ndipo onse omuseka aja achita manyazi. Chimene sanachiganizire n'kutera. Mphamvu ya mpukutuwo imatha pa masekondi 7, munthu akadali m'mitambo. Tsono nthabwala yeniyeni imabwera pambuyo: inu mwaona mtembo ndi maso anu, mwawerenga kabuku konse, koma mumayesabe mpukutu umodzi, n'kukafera kutsidya kwa phiri ngati mwini wakeyo. Tarhiel mukangomusiya agwe sakuuzani kanthu, komabe wakuphunzitsani kuti matsenga a m'gemu imeneyi sakutetezani ku uchitsiru wanu. Akatswiri othamangitsa gemu kuti aimalize m'mphindi zochepa amaitola mipukutu yomweyo n'kuigwiritsa ntchito bwinobwino.

Chimene chimamukometsa n'choti iye sakudziwa kuti ndi woseketsa. Amene amabwera atadziwiratu kuti ntchito yake ndi kukusekesani, ngati akukutsinzinirani diso, amabowa msanga. Amene amakhulupirira zopusa zakezo ndi mtima wonse ndiye amakhala m'mutu mwanu zaka.

Pankhani ya phindu lenileni, loti likuthandizeni kumaliza quest (ntchito imene gemu yakupatsani), pitani ku Novac mu Fallout: New Vegas ya 2010 mukacheze ndi No-bark Noonan. Ndi mdala woti mudzi wonse umamutenga ngati mutu wake sukoka. Akuuzani kuti ng'ombe za mitu iwiri za mnansi wake zikuphedwa usiku ndi chilombo chosaoneka chonyamula mfuti yamphamvu. Museka. Mukabisala pakhola pakati pa usiku mupeza kuti ndi zoona: ndi nightkin, chimphona chogwiritsa ntchito kachipangizo kobisa thupi, ndipo mfutiyo ili m'manja. Pa quest ya Boone, yofufuza amene anagulitsa mkazi wake, anthu olongosoka a m'mudzimo amakuyankhani mwaulemu koma osakuuzani kanthu. No-bark, m'kati mwa zobwebweta zake, ndi amene amatchula malo amene anaona munthu akulowa usiku umenewo, ndipo umboni ulidi komweko. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Olemba magemu amakonda kubisa zoona m'kamwa mwa munthu amene wosewera wopupuluma sangamumvere.

Ena amayesa mtima wanu basi. Mu Baldur's Gate ya 1998, m'tauni ya Nashkel, muli Noober. Amakutsatirani, kukuimitsani, kufunsa kafunso kopanda pake, mukayenda masitepe awiri wakuimitsaninso. Amadandaula yekha kuti anthu a m'tauniyo amamugenda miyala, ndipo pakapita kanthawi mumawamvetsa anthuwo. Mukapirira mpaka mafunso ake atheretu, gemu imakupatsani XP 400, mapointi okwezera mphamvu za munthu wanu. Ambiri safika kumeneko, lupanga limatuluka kaye.

Palinso amene opanga gemu amawagwiritsa ntchito poyankhula nafe mozemba. M'aiq the Liar, mphaka woyenda ndi miyendo iwiri uja wa m'magemu otsatizana a Elder Scrolls, wakhala akupezeka kuyambira mu Morrowind, kudzera mu Oblivion mpaka mu Skyrim. Zonena zake zambiri ndi mayankho a madandaulo a osewera: chifukwa chiyani chida chakuti munachichotsa, bwanji sitingasewere awiri. M'malo molemba chikalata chodziteteza, amangomupatsa wabodza wodziwika kuti ayankhe monyogodola. Mu Baldur's Gate yomwe ija anachita zoposa apo. Mukapha munthu amene amayenera kudzayankhula mawu ofunika kutsogolo, gemu siima. Pamatulukira Biff the Understudy, wogwirizira malo, n'kunena mawu a malemuwo m'malo mwake. Linali bowo m'kapangidwe ka gemu, iwo analitseka ndi nthabwala.

Komabe, achimwene, pali pamene mukunena zoona. Nthabwala ya m'gemu ili ndi mdani mmodzi: kubwereza. Mlonda wa mu Skyrim atakuuzani koyamba kuti nayenso anali woyendayenda ngati inu mpaka analasidwa muvi pabondo, zinali bwino, mumamuona ngati munthu wokhala ndi mbiri yake. Vuto ndi loti alonda a m'mizinda yonse amatola mawu m'thumba limodzi, ndiye pofika mzinda wachitatu mumadabwa kuti kodi dziko lonseli adani amangolasa mabondo okhaokha? Anthu anaisandutsa nthabwala ya pa intaneti chaka chomwecho cha 2011 chimene gemuyo inatuluka, koma ankaseka kubwerezako, osati mawuwo. Nazeem wa ku Whiterun ndiye woipitsitsa. Amakufunsani monyoza ngati mumafikako kawirikawiri kumtunda kumene kumakhala akuluakulu, n'kudziyankha yekha kuti ayi simungafikeko, ngakhale mutakhala kuti mwangotsika kumeneko ndipo jarl, mfumu ya mzindawo, wakupatsani udindo. Sasintha, saona chimene mwachita. Ameneyo mudutseni, palibe chimene mutaye.

Adoring Fan wa mu Oblivion ali pakatikati. Mukapambana ndewu zonse za mu Arena amakumatirirani, tsitsi lachikasu lili njo, kukutamandani kosalekeza, atanyamula muuni, ndewu ikayamba n'kuthawa. Akafa amadzabweranso pakapita masiku atatu. Osewera anamuda mpaka kumakwera naye phiri la Dive Rock kukamukankhira kuphompho, koma chidani chimenecho chinasanduka chikondi china chake, moti a Bethesda, opanga gemuyo, anamubwezeretsa mu Starfield mu 2023 kuti amene akumufuna amusankhe okha.

Magemu a ku Japan amakonda njira ina, yoti woseketsayo azibwerabwera, ulendo uliwonse atatsikirako pansi. Ultros wa mu Final Fantasy VI, octopus wapakamwa uja, pena mumupeza kudenga la nyumba ya zisudzo akulimbana ndi chitsulo cha matani 4 kuti achigwetsere pa siteji, ndipo chikumulemera. Dziko litaphwasuka mumakamupeza atakhala pakauntala ya Coliseum ngati wolandira alendo, akugwira ntchito yobweza ngongole.

Amene ndimamuika pamwamba pa onse ndi Siegmeyer wa ku Catarina mu Dark Souls ya 2011, ndipo ngati simunaimalize lumphani ndime ino. Zida zake zimaoneka ngati anyezi. Mumamupeza atakhala pansi pakhomo lotsekedwa la Sen's Fortress akung'ung'udza kuti "mmm, mmm", akuganizira chochita. Kulikonse mukamupeza wakanirira penapake, pena ali m'tulo pamalo poti wina aliyense angathawe. M'gemu yoti chilichonse chikufuna kukuphani, kumuona iye kumatsitsa mtima. Mumamuthandiza, amathokoza, amakupatsani kamphatso, mumamuthandizanso. Pang'onopang'ono mumayamba kuona kuti munthuyu anachoka kwawo kuti akakhale ngwazi, ndipo nthawi iliyonse imene mwamupulumutsa mwamuchotsera kachidutswa ka ulemu wake. Ku Lost Izalith amadziponya m'dzenje la zilombo kuti akubwezereni ngongoleyo. Akapulumuka pamenepo, nkhani yake imakathera ku Ash Lake, mwana wake Sieglinde ataima pambali pa mtembo wa bambo ake. Akanakhala msilikali waukali kuyambira pachiyambi sizikanapweteka chonchi. Zimapweteka chifukwa munamuseka kwa maola ambiri. A FromSoftware, opanga gemuyo, anaona kuti njirayi imagwira, ndipo mu Elden Ring munabwera Alexander, chimtsuko chankhondo chokanirira m'dothi chikupempha kuti muchimenye kumbuyo kuti chizuke.

Ndiye pochita kusankha, yang'anani kaye ngati munthuyo ali ndi dzina lakelake. "Mlonda" kapena "Mlimi" wopanda dzina kawirikawiri amangobwereza za m'thumba lija. Wadzina, makamaka amene waima pamalo osayenera munthu wanzeru, muyankhuleni mpaka mawu ake ayambe kubwerera pomwe anayambira. Mukagonjetsa boss, mdani wamkulu wa gawolo, kapena nkhani ikasuntha, bwereraninso mukaone ngati wasintha zonena kapena wasamuka. Ngati wasamuka, ali ndi nkhani yake ndipo muitsatire. Ndipo musanayese chilichonse chimene wakupatsani, kaya ndi mpukutu, kaya ndi botolo la mankhwala, sevani kaye gemu yanu.