Funsani Dokotala: Thupi la m'bindikiro likukana kuchoka

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. M'bindikiro wa Covid-19 usanayambe ndinkalemera makilogalamu 68. Pomatha chaka cha 2020 ndinali pa 79, ndipo mpaka lero sikelo sinabwererenso. Kuchipatala akuti BP yakwera. Chondidabwitsa n'chakuti nthawi imeneyo ndalama zinkasowa, sindinkadya zabwino ayi. Nanga thupi limeneli linachokera kuti?

Yankho: Mayi, musadziimbe mlandu. Zomwe mukunenazi zinachitikira anthu ambiri, makamaka inu amene munali ku Joni, kumene m'bindikiro unali wokhwima. Kwathu ku Malawi khoti lalikulu linaletsa m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020, anthu n'kumapitabe kumsika ndi kumunda. Koma kwanuko, kuyambira pa 27 Malichi 2020, ngakhale kutuluka kukawongola miyendo kunali kulakwira lamulo. Pa 1 Meyi mpomwe analola, komanso kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa basi, osapitirira makilomita 5 kuchoka pakhomo.

Taganizirani tsiku lanu lakale. Kulawirira kukakwera teksi, kutsika n'kuyendanso, kukolopa, kusita, kukwera masitepe mutanyamula zochapa. Simunkazitcha masewero olimbitsa thupi, koma ndi zomwe zinkawotcha chakudya chanu. Tsiku limodzi zonsezo zinangoima, mbale ya nsima n'kukhala yomweyo.

Tsono pa nkhani ya kusowa ndalama, apa mpamene ndikufuna timvane bwino. Munthu m'thumba mukauma amayamba kusiya zodula ndi zosachedwa kuwonongeka: masamba, zipatso, nsomba, mazira. Zotsala ndi ufa, buledi, shuga, mafuta ophikira ndi mandasi. Zimenezi n'zotchipa, zimasungika, koma zili ndi mphamvu zambiri zomwe thupi longokhala limazisandutsa mafuta. Onjezanipo nkhawa ya lendi ndi ya abale kumudzi. Nkhawa imalanda tulo, ndipo wosagona mokwanira amamva njala pafupipafupi, makamaka ya zotsekemera. Nthawi ya chakudya nayo inasokonekera. Tiyi amene ankamwedwa kamodzi m'mawa anayamba kumwedwa katatu, kapu iliyonse masipuni atatu a shuga.

Ndiye poyambira ndi pomwepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga woonjezera asamapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, omwe ndi timasipuni ta tiyi 12. Chitini chimodzi cha zoziziritsa kukhosi cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi magalamu 35 pachokha. Mchere, umene ukukhudza BP yanuyo, usafike magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisala mu buledi, poloni ndi timakyubu tokometsera ndiwo.

Nsima musaisiye. Ndimadandaula ndikamva munthu wasiya nsima sabata imodzi, n'kubwerera ndi njala ya mkango. Chotsani mtanda umodzi, malo akewo alowe masamba ndi nyemba. Kabichi ndi sipinachi zimapezeka ku Joni komweko pamtengo wabwino. Kumbukirani magulu 6 a zakudya amene amaphunzitsa kusikelo ya ana kwathu: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Pa kuyenda, munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mphindi 30 masiku 5, mwandawala, mpaka kupuma kusinthe koma mukutha kuyankhula. Tsikani teksi patali pang'ono. Tsiku loti simungatuluke, tsegulani nyimbo muvine, kapena khalani pampando n'kuimirira kakhumi, kupuma, n'kubwerezanso.

Musathamangire makilogalamu 11 onsewo nthawi imodzi. Kutsika ndi 4 okha pa miyezi ingapo kumathandiza kale kutsitsa BP. Timatiyi ndi mapilitsi ochepetsa thupi otsatsidwa pa Facebook muwapewe. Ena amangotsegula m'mimba n'kukuthani madzi. Ngati anakupatsani mankhwala a BP, imwani tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, ndipo mukapitanso kuchipatala muwapemphe akuyezeni shuga. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, pitani nthawi yomweyo.