FUNSANI ABUSA: Kodi wolira ali ndi malo pa Khrisimasi?

Mwezi wa Disembala ukayandikira, ambiri mwa makalata amene amafika ku tsamba lino amachokera kwa anamfedwa. Ulendo uno tasankha atatu ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo monga mwa chizolowezi chathu, maina a eni makalatawo tawabisa.

FUNSO: Abusa, amuna anga ndi mwana wathu wachisamba anakokoloka ndi madzi pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Mwanayo tinamupeza n'kumuika m'manda, koma bambo ake sanapezeke mpaka lero. Mvula ya Disembala ikayamba kugunda pa malata, mtima wanga umabwerera ku usiku uja. Anzanga kutchalitchi amakhala ali kalikiliki kukonzekera nyimbo ndi sewero la kubadwa kwa Yesu, pamene ine ndimangofuna kudzitsekera m'nyumba. Mayi wina wa mumpingo anandiuza kuti Mkhristu weniweni salira nthawi yaitali chotere, ndipo kuti misozi yanga ikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Kodi ndikuchimwa? Nanga munthu amene sanaikidwe m'manda adzauka bwanji?
Mayi wa ku Muloza, Mulanje

YANKHO: Pepani mayi, pepani kwambiri. Simukuchimwa, ndipo mnzanu uja, ngakhale mwina anayankhula ndi mtima wofuna kukulimbikitsani, ananena zimene Malemba sanena. Anthu ambiri amagwira mawu a Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 n'kuwadula pakati, ngati kuti mtumwiyo analetsa kulira, chonsecho chimene iye analetsa ndi kulira monga amalirira anthu amene alibe chiyembekezo. Ambuye Yesu mwini wake anafika pa manda a Lazaro ku Betaniya akudziwa bwino lomwe kuti pakangopita kanthawi amuukitsa, komabe Yohane 11:35 akutiuza kuti Yesu analira. Ngati misozi ikanakhala umboni wa kuchepa kwa chikhulupiriro, ndiye kuti mlandu umenewu ukanayambira pa Iye.

Chimene ndikufuna kuti muchione ndi chakuti nkhani ya Khrisimasi, monga inalembedwera, muli maliro. M'masewero athu a ana a Sande sukulu timakonda abusa a nkhosa, angelo ndi anzeru a kum'mawa, ndipo Herode akatulukira ndi asilikali ake nthawi zambiri mpingo umangofa ndi chiseko chifukwa cha mayendedwe ake. Koma pa Mateyu 2:16-18 palibe choseketsa. Mfumu ija inalamula kuti ana onse aamuna a ku Betelehemu ndi midzi yozungulira, a zaka ziwiri kutsika m'munsi, aphedwe, ndipo Mateyu, pofotokoza kulira kwa amayi awo, anatenga mawu a pa Yeremiya 31:15 onena za Rakele amene akulira ana ake ndipo akukana kutonthozedwa chifukwa anawo kulibe. Onani kuti Mateyu sanamudzudzule Rakele chifukwa chokana kutonthozedwa. Anamusiya kuti alire m'chaputala chomwecho chimene muli golide, lubani ndi mure.

Luka nayenso sanabise zimenezi. Pamene Yosefe ndi Mariya anapita ndi khandalo ku Kachisi, nkhalamba Simeoni inayamika Mulungu, kenaka inatembenukira kwa Mariya n'kumuuza kuti lupanga lidzapyoza moyo wake (Luka 2:35). M'Kachisi momwemo munali Anna, mayi wamasiye amene anangokhala pa banja zaka 7 zokha, ndipo Luka amatchula zaka 84 pofotokoza za ukalamba wake. Mayi wamasiye ameneyu ndi mmodzi mwa anthu oyamba kuzindikira Mpulumutsi ndi kulalikira za Iye. Nchifukwa chake mipingo imene imatsata kalendala yakale, monga Akatolika ndi Aangilikani, imakumbukira Stefano, wophedwa woyamba chifukwa cha chikhulupiriro, pa 26 Disembala, ndi ana osalakwa a ku Betelehemu aja pa 28 Disembala. Amene anakonza kalendala imeneyo anadziwa kuti Mwana anabadwira m'dziko limene anthu amaika maliro, ndipo kuti dzina lakuti Emanuele, Mulungu ali nafe, limafika poyamba kwa amene ali pa chisoni. Choncho inu mayi musadzione ngati mlendo wosokoneza chikondwerero cha eni ake.

Tsopano za amuna anu. Chisoni chanu n'cholemera mwapadera, ndipo pali chifukwa chake. Mwambo wathu wa maliro, kuyambira kugona pa siwa, kuona nkhope, kuperekeza kumanda, kumeta, mpaka kumanga chiliza, umathandiza mtima kuvomereza pang'onopang'ono zimene maso aona. Pamene thupi silinapezeke, mtima umakhalabe ukudikira, ndipo munthu amatha kudzidzimuka akamva kugogoda pa chitseko ngakhale patapita zaka. Namondwe uja atawomba mu Marichi 2023, anthu oposa 500 m'chigawo cha kummwera sanapezeke, kotero kuti m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe mu Blantyre muli mabanja ambiri amene akufunsa funso lanu lomweli. Masiku 14 okhuza maliro amene boma linalengeza anatha kalekale, koma m'nyumba zimenezi maliro sanathe.

Kuuka kwa akufa sikudalira pa ntchito ya adzukulu. Deuteronomo 34:6 akunena kuti palibe munthu amene akudziwa manda a Mose, komabe Mose yemweyo anaonekera pa phiri akuyankhula ndi Yesu pamaso pa Petro, Yakobo ndi Yohane. Chivumbulutso 20:13 akunena kuti nyanja idzapereka akufa amene ali m'menemo, ndipo ngati nyanja idzatero, Muloza ndi Ruo sizidzakaniza. Malo amene amuna anu agona ndi obisika kwa inu ndi kwa ine, koma si obisika kwa amene anawaumba.

Ndikulangizeni kuti mukhale pansi ndi abusa anu kapena akulu a mpingo, pamodzi ndi achibale a mbali zonse ziwiri, ndipo mupemphe mwambo wa mapemphero okumbukira amuna anu, pamene dzina lawo lidzatchulidwe poyera ndipo anthu adzakupepeseni monga zikanakhalira pa maliro. Ngati muli Mkatolika, mungathe kupempha Misa. Pa tsiku la Khrisimasi lenilenilo musadzikakamize kulowa mu kwaya. Mukatha kupita kutchalitchi, khalani kumbuyo pamodzi ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo misozi ikabwera musaibweze. Mukalephera kupita, pemphani akulu a mpingo adzapemphere nanu kunyumba. Ndipo ngati kugunda kwa mvula kukukulepheretsani kugona ndi kudya kwa masiku ambiri, kapena mukulota madzi usiku uliwonse, pitani kuchipatala mukafotokoze, pakuti mantha otsalira pambuyo pa ngozi ndi vuto limene azachipatala amalidziwa, ndipo kufuna thandizo lawo sikutsutsana ndi pemphero.

FUNSO: Abusa, ndimagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Akazi anga anamwalira mu Ogasiti atadwala nthawi yaitali, ndipo ana athu ali kwa agogo awo akuchikazi. Anawo akundifunsa ngati chaka chino kudzakhale mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano monga amayi awo ankachitira, koma apongozi anga akuti n'zosayenera pamene dothi la pamanda lisanaume. Ine ndemwe ndikaseka ndimadzimva ngati ndawalakwira malemuwo. Anzanga akuti tsikulo ndikangomwa nawo kuti ndiiwale. Ndichite chiyani?
Bambo wa ku Thyolo

YANKHO: Bambo, pepani ndi zovutazi. Apongozi anu musawaone ngati ouma mtima, chifukwa amene mukumulira ngati mkazi wanu, iwo akumulira ngati mwana wobereka okha. Komanso, poti kwathu kuno ana amakhala m'manja mwa akuchikazi, nkhaniyi simungaigamule nokha. Pitani kumudziko tsikulo lisanafike, mukhale pansi ndi apongozi anu pamodzi ndi amalume a anawo, ndipo muwafotokozere mwaulemu kuti simukufuna phwando, kapena wailesi yosokosera, kapena kuitana anthu, koma chakudya cha banja chokha chimene ana adzadye akukumbukira amayi awo. Ndikhulupirira kuti zikafotokozedwa motero, agogo ambiri sangakanize adzukulu awo mbale ya mpunga.

Ana salira monga akuluakulu. Mwana amatha kulira m'mawa, masana n'kukasewera mpira, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti waiwala. Pamene ana anu akufunsa za mpunga ndi nkhuku, chimene akufunsa kwenikweni ndi chakuti kodi banja lathu lilipobe kapena linapita pamodzi ndi amayi. Ayankheni ndi kupezeka kwanu. Ndikudziwa kuti Disembala ndi nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo ntchito yothyola imachuluka, koma tsiku limene mudzapume mukakhale nawo. Tchulani dzina la amayi awo, afotokozereni mmene munakumanirana, imbani nyimbo imene malemuwo ankaikonda, ndipo mwana akayamba kulira musamuletse. Za zovala, chitani zimene thumba lanu lingathe, osati kukatenga katapila, pakuti feteleza akukudikirani ndipo Januwale akubwera ndi zofuna za sukulu.

Kuseka kwanu sikulakwira malemu. Mlaliki 3:4 akuti pali nthawi yolira ndi nthawi yoseka, ndipo kwa namfedwa nthawi ziwirizi zimatha kupezeka tsiku limodzi. Mfumu Davide, mwana wake atamwalira, anadzuka pansi, anasamba, anakapembedza, kenaka anadya, ndipo antchito ake atadabwa anawayankha kuti iye adzapita kwa mwanayo ngakhale mwanayo sadzabwerera kwa iye (2 Samueli 12:20-23). Mkhristu amadya ndi kulera ana ake ali ndi chiyembekezo chotero, chimene kwa ife chinakhazikika pa kuuka kwa Khristu.

Pa za mowa ndiyankhula mosapita m'mbali. Kachasu amagonetsa chisoni usiku umodzi, m'mawa n'kuchidzutsa chitawonjezeka ndi ngongole ndi manyazi, ndipo ana amene ataya mayi sayenera kutayanso bambo ali moyo. Amuna tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atiikitsa abale ambiri amene anasunga zowawa mumtima mpaka kudzichotsera moyo. Pezani mkulu wa mpingo kapena mnzanu wokhwima maganizo amene mungamuuze zakukhosi. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musagone nawo. Uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala.

FUNSO: Ndine wa Mvano, ndipo pa nyengo ino timafuna kuyendera anamfedwa a mumpingo mwathu. Vuto ndi lakuti tikafika timasowa chonena, ndipo ena amaoneka kuti tawawonjezera chisoni. Tizinena chiyani?
Mayi wa ku Luchenza

YANKHO: Mayi, nenani zochepa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anakhala naye pansi osanena kanthu (Yobu 2:13), ndipo anayamba kulakwitsa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chimene Mulungu analolera tsokalo. Mawu amene tinawazolowera, akuti tinamukonda koma Mulungu wamukonda koposa, kapena akuti chinali chifuniro chake, ine sindiwakonda akamanenedwa kwa mayi amene waika mwana, chifukwa amamusiya akuganiza kuti Mulungu ndiye wamulanda. Paulo amaitcha imfa mdani wotsiriza amene adzathetsedwa (1 Akorinto 15:26), ndipo Chivumbulutso 21:4 akulonjeza kuti Mulungu adzapukuta misozi yonse, zimene zikusonyeza kuti kufikira tsikulo misozi idzakhalapobe. Pepesani, tchulani dzina la malemu, nenani chabwino chimodzi chimene mukuwakumbukira nacho, werengani ndime yaifupi monga Masalimo 34:18, pempherani mwachidule, ndipo nthawi yotsalayo mverani.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana, koma ife timalirana kwambiri pa masiku a siwa, pamene anthu ali mbwee, n'kumusiya namfedwa yekha miyezi yotsatira pamene nyumba yakhala zii. Musapite chimanjamanja: ufa pang'ono, sopo, mchere, shuga kapena mtolo wa nkhuni zimayankhula zimene Yakobo 1:27 akunena za kuyendera ana amasiye ndi akazi amasiye. Mwezi wa Disembala ndi wopalira, ndipo mayi amene anali kulima ndi amuna ake tsopano akuyang'anizana ndi udzu yekha, kotero kuti amayi khumi atanyamula makasu m'mawa umodzi angamutonthoze kuposa ulaliki wa ola lathunthu. Muitaneni kudzadya kwanu pa Khrisimasi, koma akakana musakhumudwe; mutumizireni chakudyacho kunyumba.

Pomaliza, kambiranani ndi abusa anu za mapemphero a usiku wa pa 31 Disembala. Maumboni akuti ambiri anafuna kuchiona chaka chino koma sanachione, ife tawoloka chifukwa Mulungu watikondera, amalasa mtima wa amene wakhala pa benchi lomwelo ataika mwamuna kapena mwana m'chaka chimenecho. Pemphani kuti nthawi ya 12 koloko isanakwane, maina a akhristu onse amene anamwalira m'chakacho awerengedwe mmodzimmodzi, mabanja awo apemphereredwe, ndipo pasankhidwe amayi awiriawiri amene adzayendere banja lililonse mwezi ndi mwezi kufikira nthawi yokolola.