Musathamangire kugula rauta ina, yambani mwaona amene ali ndi pasiwedi ya admin

Achemwali, mwafunsa pagulu pano zitatu pakamodzi: bandulo ya mwezi wonse ikumatha pasanathe masabata awiri ndipo mukukayikira oyandikana nawo nyumba, mukufuna kutsegula webusaiti ya bizinesi yanu ya makeke, komanso mukuopa kuti manambala a makasitomala anu angagwere m'manja mwa akuba. Ine ndilimbikira za rauta, kabokosi kogawa WiFi m'nyumba, chifukwa ndi zimene ndimagwira ndi manja anga. Za webusaiti ndingokhudzako pang'ono.

Choyamba, amene akuuzani kuti mugule rauta yatsopano akungofuna kukutayitsani ndalama. Winanso walemba kuti muike VPN, pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti. Bambo amenewo ndimawalemekeza, koma VPN siithamangitsa munthu amene walowa kale pa WiFi yanu. Iye azingoonerabe mpira pa bandulo yanu, inu muli ndi VPN yanuyo m'foni.

Funso langa kwa inu ndi ili: rautayo anakuikirani ndani? Ngati munaitana mnyamata wina "wodziwa za makompyuta", yambirani pamenepo. Azakhali anga ku Chilomoni zinawachitikira. Anagula rauta ya SIM khadi, naitana mnyamata wa m'dera lomwelo kuti awaikire, anamulipira cha m'ma K10,000. Mnyamatayo anawalembera pasiwedi ya WiFi pa kapepala, iwo n'kumata kuseri kwa kalendala, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene sanawauze n'chakuti rauta imakhala ndi mapasiwedi awiri. Ya WiFi ili ngati kiyi wa pageti, pamene ya admin ndi ya munthu amene amasula makiyiwo. Iye anasintha ya admin n'kuisunga yekha. Bandulo ikayamba kutha msanga, azakhali amamuimbira yemweyo, amabwera, amasintha pasiwedi ya WiFi, amalandiranso kangachepe ka thiransipoti, kenako madzulo ake n'kukagawira pasiwedi yatsopanoyo ana a sukulu ochita lendi kuseri, amene ankamulipira pamwezi. Nditapita ndinalumikiza foni yanga n'kutsegula Fing, ka pulogalamu kamene kamaonetsa zipangizo zonse zimene zili pa netiweki. M'nyumba ya mafoni atatu munali zipangizo zoposa khumi, ma laputopu awiri ali momwemo, chonsecho azakhali alibe laputopu ndipo sanaigwirepo. Chiyambire pamenepo sindilola kuti munthu aikire m'bale wanga rauta mwini wake asanalembe yekha pasiwedi ya admin ndi zala zake.

Ndiye chitani izi. Tembenuzani rautayo, pansi pake pali kapepala komata. Pamenepo mupeza adiresi ya manambala, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo za Huawei zambiri zimakhala 192.168.8.1. Foni yanu ili pa WiFi yomweyo, lembani manambalawo pamwamba pa Chrome pamene mumalemba dzina la webusaiti. Patuluka tsamba lofuna dzina ndi pasiwedi. Ngati mwalemba admin pamwamba, admin pansi, n'kutseguka, dziwani kuti aliyense amene analowapo pa WiFi yanu akanatha kutsegula chimodzimodzi. Ngati yakana, ndipo zimene zalembedwa pa kapepalako zakananso, ndiye kuti alipo amene anasintha, ndipo si inu.

Ikakana, kuseri kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa Reset. Tengani pini kapena kamtengo kotokosera m'mano, dinikizani mkatimo kwa masekondi khumi kapena kuposerapo rauta ili yoyaka, magetsi ake azima n'kuyakanso. Zonse zimabwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo pasiwedi ya munthu uja imafera pomwepo. Koma chenjerani apa. Ngati ndi rauta ya SIM khadi ya Airtel kapena TNM, kawirikawiri imadzilumikiza yokha ikayaka. Ngati intaneti yanu imabwera ndi chingwe kapena kambale ka padenga kochokera ku kampani, musadine kabowoko musanawaimbire, chifukwa mkatimo mumakhala dzina ndi pasiwedi ya akaunti yanu ya kukampaniko, zikafufutika mukhala opanda intaneti mpaka abwere.

Mukalowa, sinthani ya admin poyamba, kenako ya WiFi, ndipo zisafanane. Pa ya WiFi ndikupemphani chinthu chimodzi: musaike nambala yanu ya foni. Ambiri timatero chifukwa siivuta kukumbukira, koma inu nambala yanu ili pa bokosi lililonse la keke limene latuluka pakhomo panu. Ngakhale munthu asaidziwe, manambala athu ndi a madijiti 10 ndipo ambiri amayamba ndi 088 kapena 099, otsala ndi 7 okha. Kompyuta kuyesa onsewo sikuitengera ndi tsiku lomwe. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa, chimodzimodzi, oyandikana nanu amazidziwa kuposa achibale. Rauta imalola pasiwedi ya zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndiye musaumire. Lumikizani mawu anayi a Chichewa osagwirizana, monga nkhwani, njinga, chitseko ndi mvula, muponyepo manambala pakati. Imatalika, siivuta kuikumbukira, ndipo mndandanda wa mawu umene akuba amayesera umakhala wodzaza ndi Chingerezi. Mawu anayi ndatchulawa musawagwiritse ntchito, gulu lonse lawawerenga.

Pa tsamba lomwelo la WiFi pali posankha mtundu wa chitetezo. Sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo, imeneyi inabwera mu 2018 ndipo marauta akale alibe. Mukaona kuti yanu ili ndi WEP yokha, apo pokha ndivomereza kuti mugule ina, chifukwa WEP imathyoledwa m'mphindi zochepa. Kenako funani pamene palembedwa WPS muzimitse. Ndi kabatani kaja kolumikizira chipangizo osalemba pasiwedi. Vuto lake linadziwika kale mu 2011, pamene Stefan Viehböck anaonetsa kuti PIN yake ya madijiti 8 rauta imaiyesa m'zigawo ziwiri, ndiye wakuba amangofunika kuyesa ka 11,000 basi, ndipo akaipeza rauta imamupatsa pasiwedi yanu yaitali ija. Timapulogalamu tambiri timene anyamata amanyadira kuti "timathyola WiFi" timadalira pamenepa. Zimitsaninso pamene palembedwa Remote Management, inu simufunika kulowa mu rauta yanu muli ku Limbe. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda marauta ndi makamera ambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a kufakitale, ndipo zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito kugwetsa Twitter ndi Netflix kwa maola angapo. Ngati muli ndi kamera ya CCTV pakhomo, nayonso ili ndi admin yake, musaiiwale.

Komabe kunena zoona, m'makomo mwathu muno pasiwedi siithyoledwa kawirikawiri, imachita kuperekedwa. Kuyambira pa Android 10, aliyense amene walumikizidwa angathe kudina Share, foni n'kutulutsa QR code, mnzake n'kujambula, walowa. Mafoni ambiri amaonetsanso pasiwediyo poyera pansi pa QR code yomweyo. Ndiye njira ija yomulanda mlendo foni n'kumulembera nokha kuti asaone inatha ntchito. Mwana wanu akapatsa mnzake mmodzi, pofika Loweruka mzere wonse wa nyumba uli pa bandulo yanu. Palinso timapulogalamu tolonjeza WiFi yaulere, timene timatenga mapasiwedi osungidwa m'foni ya munthu n'kuwagawira ena onse amene ali ndi pulogalamuyo. Yang'anani m'mafoni a ana, mukakapeza kachotseni musanasinthe pasiwedi, apo ayi yatsopanoyo ipitanso.

Kwa makasitomala obwera kudzatenga makeke amene amapempha WiFi, tsegulani Guest Network ngati rauta yanu ili nayo. Imakhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, mungaisinthe sabata iliyonse osasokoneza a m'nyumba, ndipo pa marauta ambiri mlendo sangafike pa tsamba la admin. Wina pamwambapa wati mungobisa dzina la WiFi kuti lisamaoneke. Zimenezo zimangovutitsa inu nomwe polumikiza foni yatsopano, wodziwa amaliona ndithu. Kutsekera foni imodziimodzi pa mndandanda wa zipangizo kumathandiza tsiku limenelo lokha, chifukwa mafoni a masiku ano amatha kusintha nambala imene rauta imawazindikirira, mawa abweranso ngati mlendo watsopano. Kusintha pasiwedi ndi kumene kumatulutsa onse pakamodzi.

Musanakayambane ndi aneba, onetsetsani kuti wakubayo sali m'nyumba mwanu momwe. TV ya makono ikamaonetsa YouTube imasankha yokha chithunzi chowala kwambiri, ndipo imameza bandulo yambiri. Laputopu ya Windows imadzikokera ma update usiku osakufunsani, pokhapokha mutaiuza kuti WiFi imeneyi ndi metered connection, ndiko kuti ya bandulo yochita kuwerengera. Foni ikangoona WiFi imayesa kuti zafika zaulere, imayamba kutumiza zithunzi ndi mavidiyo onse ku Google Photos, ndipo inu ojambula makeke tsiku ndi tsiku muli nazo zambiri. Onjezanipo mavidiyo a m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a kusukulu ndi a maliro, amene amadzitsitsa okha. Yesani chonchi: usiku wina zimitsani WiFi pa chipangizo chilichonse cha m'nyumba, TV muizule kukhoma, rauta yokha isiyeni yoyaka, lembani bandulo yotsala. M'mawa onaninso. Ngati yatsika kwambiri, alipo wakunja. Ngati ili pomwepo, mwina aneba anu ndi osalakwa.

Za webusaiti, chenjezo langa ndi lomwe lija la azakhali. Amene akukupangirani asalembetse dzina la webusaitiyo pa imelo yake. Dzinalo, limene amati domain, likhale m'dzina lanu, pa imelo yanu, ndipo pasiwedi ya hosting (malo a lendi osungirako webusaiti) ndi ya admin wa WordPress (pulogalamu yopangira webusaiti) mukhale nazo inu. Mukadzasemphana mawu, kapena iye akadzapita ku Johannesburg n'kusintha nambala, webusaiti imapita naye limodzi. Mitengo ndinena m'madola chifukwa ya kwacha siikhazikika: dzina la .com limakhala cha m'ma madola 10 mpaka 15 pachaka, hosting yaing'ono yokwanira zithunzi za makeke cha m'ma madola 30 mpaka 60 pachaka. La .mw, la kuno ku Malawi, limayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa SDNP. Kaloko ka chitetezo kaja kamene kamaoneka pambali pa dzina la webusaiti asakulipiritseni ndalama zambiri, bungwe la Let's Encrypt limapereka ulere ndipo makampani ambiri a hosting amaikiratu. Mukamva kuti "theme yodula ndakupezerani yaulere", kanani (theme ndi maonekedwe opangidwa kale a webusaiti). Zobedwa zoterozo nthawi zambiri zimabwera ndi khomo lobisika, tsiku lina mudzapeza webusaiti ya makeke ikutsatsa za juga. Ndipo kunena mosabisa, ngati maoda anu onse amabwera pa WhatsApp ndi Facebook, webusaitiyo ikhoza kudikira kaye.

Manambala a makasitomala, sungani zokhazo zimene mukuzifuna: dzina, nambala, tsiku la keke. Musamapemphe chithunzi cha chiphaso cha unzika kwa munthu woitanitsa keke ya tsiku lobadwa, chikadzatuluka mlandu ndi wanu. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo amene amaliyang'anira ndi MACRA. Kulowa mu kompyuta kapena netiweki ya munthu popanda chilolezo nakonso ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, kungoti kukatula nkhani ya bandulo kupolisi kungakutayitseni nthawi yambiri kuposa kusintha pasiwedi.

Kumene manambalawo angabedwedi ndi pa WhatsApp yanu, osati pa rauta. Lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ya madijiti 6 ndi imelo yanu lero lomwe. Akuba amatumiza uthenga ngati mnzanu kapena mkulu wa gulu la kumpingo, amati "ndatumiza code kwa inu molakwitsa, tanditumizireni". Mukangopereka madijiti 6 amene abwera pa SMS musanaike PIN ija, akaunti yapita, ndipo amayamba kulembera makasitomala anu kuti dipoziti ya keke atumize pa nambala ina. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money nayonso musauze munthu pafoni, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi ndipo akudziwa dzina lanu lonse. Dzinalo amaliona akangoyerekeza kukutumizirani ndalama.

Mukakanika penapake, lembani pano mtundu wa rautayo ndi nambala ya model yokha, ndikuuzani pamene WPS ndi Guest Network zabisala, chifukwa ZTE, Huawei ndi TP-Link zimaika malo osiyana. Koma musajambule kapepala ka pansi pa rauta n'kuponya pagulu pano, pamakhala pasiwedi, ndipo muno tilimo ambiri osadziwana.