Za chipinda chanu ku Aviemore: laisensi kaye, Airbnb pambuyo

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanaike chilichonse pa intaneti. Mwati mwagula nyumba ya zipinda zitatu ku Aviemore, chimodzi chimangokhala chotseka, ndipo mukufuna muzigonekamo alendo obwera kudzayenda kumapiri a Cairngorms. Mwatinso mnzanu wina akukunyengererani kuti muchite lendi fulati ina mtauni momwemo n'kumaigulitsa usiku ndi usiku pa Airbnb. Ine ndimakhala ku Fort William, khonsolo yathu ndi imodzi ya Highland, ndipo chipinda changa chapamwamba ndimagonekamo alendo. Maganizo anga ndi awa: za chipinda cha m'nyumba mwanuzo pitirizani, koma za fulati yachiwiriyo zisiyeni.

Chilolezo chikufunika ndithu, ngakhale chipinda chikhale chimodzi. Ku Scotland kuno lamulo la malaisensi a short-term let, kutanthauza kugoneka alendo olipira kwa masiku ochepa, linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2022. Amene anali kale pa bizinesiyi anapatsidwa mpata wofunsira laisensi mpaka pa 1 October 2023, koma inu oyamba kumene mulibe mpata wotere. Simuloledwa kulandira mlendo, ngakhale kungolandira booking, laisensi isanatuluke. Kuchita popanda laisensi ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika £2,500. Kwa ife amene pasipoti yathu ndi ya kumudzi, ndalamayo si nkhani yaikulu. Choopsa ndi dzina lanu kulembedwa kuti munapezeka wolakwa kukhoti, pomwe mawa mukufuna kuonjezera viza kapena kupempha zokhala mpaka kalekale. Musamvere za aja amati "aliyense akupanga, sagwira". Nambala ya laisensi imayenera kuoneka pa malonda anu pa intaneti, ndiye amene alibe amaonekera poyera, ndipo m'tauni yaing'ono ngati yanuyo aneba amadziwa galimoto ya mlendo aliyense.

Pa fomu mudzaona mitundu inayi ya laisensi, ndipo apa ndi pamene nkhani yanu yagona. Home sharing ndi pamene mlendo akugona m'nyumba imene inu mukukhalamo, inuyo muli pomwepo. Home letting ndi pamene mwasiyira alendo nyumba yanu inu mutachokapo, tinene kuti mwapita ku Malawi mwezi wa tchuthi. Mtundu wachitatu umaphatikiza ziwirizi. Wachinayi ndi secondary letting, nyumba imene simukhalamo. Inu ndikanakonda mufunsire wachitatuwo, kuti chaka chimene mudzapite kumudzi musadzayambirenso mapepala.

Fulati imene mnzanuyo akukunyengererani ndiye secondary letting, ndipo ku Aviemore ndi kumene zimavuta kwambiri. Kuyambira pa 4 March 2024 dera lonse la Badenoch and Strathspey, kutanthauza Aviemore, Kingussie, Newtonmore, Grantown-on-Spey ndi midzi yozungulira, linakhala control area. Linali lachiwiri m'dziko lonse la Scotland, pambuyo pa Edinburgh imene inayamba mu September 2022. M'dera lotere, kusandutsa nyumba yokhalamo anthu kukhala yogona alendo kumafuna planning permission, chilolezo cha khonsolo chosinthira ntchito ya nyumba, yomwe ndi pempho lina, ndalama zina, kudikira kwina, ndipo akhoza kukukanizani. Mfundo za boma za mapulani zimene zinayamba mu February 2023 zimanena poyera kuti pempho lotere lisavomerezedwe ngati likuchotsa nyumba yokhalamo anthu popanda phindu looneka kwa anthu a m'deralo. Chifukwa chake inu mukuchidziwa kuposa ine. Ndi angati anzanu a kuntchito amene asowa pokhala ku Aviemore, n'kumachita kuyenda pa msewu wa A9 kuchokera ku Inverness m'bandakucha chisanu chili thoo? Ogwira ntchito m'mahotela, osamalira okalamba, aphunzitsi, onse akulimbirana nyumba zomwezo ndi alendo a masiku atatu.

Onjezerani apo kuti fulatiyo si yanu. Pofunsira laisensi ya nyumba ya eni pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini wake, ndipo pangano la lendi la ku Scotland limaletsa kubwereketsanso nyumba popanda landilodi kuvomera polemba. Ndiye taganizani: mukulipira lendi mwezi ndi mwezi pa fulati yopanda munthu, mukudikira planning permission imene mwina simuipeza, kenako laisensi imene khonsolo ili ndi ufulu woiunika mpaka miyezi isanu ndi inayi. Aja amaphunzitsa zimenezi pa TikTok ambiri amakamba za ku England kumene malamulo ake ndi ena. Mnzanuyo mumufunse ngati iye waikapo ndalama zake.

Control area siikhudza chipinda cha m'nyumba imene mukukhalamo, choncho inu njira yanu ndi ya laisensi yokha. Koma musanatsegule fomu, yambani mwaimbira banki imene inakupatsani ngongole ya nyumba, chifukwa mapangano ambiri a ngongole salola alendo olipira popanda kupempha. Onaninso mapepala a umwini wa nyumbayo. Nyumba zina za m'maesiteti atsopano zili ndi mawu oletsa bizinesi. Inshuwalansi yanu ya masiku onse nayo siikwanira, pamafunika ina ya public liability yoteteza mlendo akavulala.

Kenako ndi mapepala a chitetezo, ndipo ndi amene amadya nthawi ndi ndalama. Ngati muli ndi gasi, satifiketi yake ndi ya chaka ndi chaka. Mawaya a magetsi amafuna lipoti lotchedwa EICR, limene limakhala zaka zisanu, ndipo ketulo, ayironi, nyale ya pambali pa bedi, chilichonse cha pulagi chimene mlendo angagwire, chimayezedwa n'kumatidwa kasitika. Maalamu a utsi ndi a kutentha ayenera kukhala olumikizana kuti imodzi ikalira zonse zilire, ndipo pamene pali boila kapena mbaula ya nkhuni pakhale alamu ya carbon monoxide. Palinso kuunika madzi pa za tizilombo toyambitsa matenda totchedwa legionella, kumene pa nyumba wamba si chinthu chovuta. Kwanga wa magetsi anangotsegula bokosi la mafyuzi pansi pa masitepe, n'kuimba kamluzu, n'kundiuza kuti lonse lichoke. Ndinali nditawerengera ndalama ya kuyeza kokha, koma zinathera pogula bokosi latsopano, ndipo ndinamudikira milungu ingapo chifukwa amisiri kuno ndi ochepa. Muimbireni lero, osati tsiku lodzaza fomu.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti ukapereka pempho umayenera kupachika chidziwitso panja pa nyumba, poti aliyense wodutsa awerenge, kwa masiku 21. Ine ndinachiika mu pulasitiki n'kuchimangirira pa geti ndi zingwe, mvula ya kwathu kuno ku Lochaber n'kulowabe mpaka inki kuyamba kusungunuka, ndinachita kusindikiza china. Tsiku lachiwiri ndinasuzumira pawindo n'kuona agogo a nyumba yoyandikana nayo ataima pa geti ndi galu wawo, magalasi ali pamphuno, akuwerenga mzere ndi mzere. Mtima unagunda, chifukwa aneba ali ndi masiku 28 oti akhoza kulemba kalata yotsutsa. Mwamwayi ndinali nditawagogodera kale sabata yapitayo ndi mbale ya mandasi n'kuwafotokozera kuti ndi chipinda chimodzi, anthu osaposa awiri, ndipo galimoto izikhala pabwalo panga osati pamsewu. Anangondifunsa za mabini basi. Inunso yambani ndi aneba chidziwitso chisanapachikidwe. Azungu a kumidzi kuno sakonda kumva nkhani ya pakhomo pawo kudzera pa pepala. Khonsolo imatumizanso pempho lanu kupolisi ndi kwa ozimitsa moto, ndiye pa fomu lembani zoona zokhazokha, maadiresi onse amene mwakhalako monga afunsira. Laisensi ikatuluka imakhala mpaka zaka zitatu, ndipo imalemba chiwerengero cha alendo amene simuyenera kupyola.

Simunanene kuti muli pa viza yanji, ndipo musayankhe pagulu pano. Ngati muli ndi zokhala mpaka kalekale, palibe vuto. Ngati muli pa viza ya ntchito yochita kukusainirani abwana, pali malire pa ntchito ina kapena bizinesi yapambali, ndipo wa viza ya sukulu saloledwa n'komwe kuchita bizinesi. Khonsolo ikhoza kukupatsani laisensi koma zimenezo sizikutanthauza kuti a Home Office, oona za maviza, avomera. Lipirani ola limodzi kwa loya kapena mlangizi wovomerezeka wa za imigireshoni akuuzeni polemba. Pa msonkho, pali Rent a Room imene imalola kupeza mpaka £7,500 pa chaka kuchokera ku chipinda cha m'nyumba mwanu osadulidwa msonkho, kapena £3,750 aliyense ngati mukugawana ndalamayo ndi bambo a kunyumba.

Ndisakubisireni, ntchito yake ilipo. Mlendo akachoka 10 koloko, wina akubwera 4 koloko, pakatipo pali kuchapa zofunda, kukwecha bafa, kuumitsa matawulo m'nyumba dzuwa kulibe. Kwanu alendo a nyengo yachisanu amabwera ndi nsapato za ski zonyowa, a chilimwe amabwera ndi mchenga wa ku nyanja ya Loch Morlich. Ngati mumagwira mashifiti a maola 12, funsani kaye kuti adzatsegulira mlendo chitseko ndani, komanso ngati mungapirire kuphika nsima ndi usipa pamene mlendo wochokera ku Germany ali pabalaza. Ine ndinaphunzira kukazinga nsomba zouma masiku opanda booking.

N'chifukwa chake ndikuti muganizirenso za loja (lodger), munthu wochita lendi chipindacho kuti azikhala nanu nthawi yaitali. Munthu amene chipindacho ndiye kwawo kwenikweni, monga namwino mnzanu amene wangofika kumene ndipo akusowa pokhala, salowa m'lamulo la short-term let, ndiye laisensi iyi siifunika, ndipo Rent a Room imagwirabe ntchito. Ndalama yake pa mwezi ndi yocheperapo poyerekeza ndi August wodzaza, koma imabwera ngakhale mu November pamene tauni yazizira. Achibale ochokera kumudzi odzacheza osalipira nawonso sawerengedwa.

Mukasankha za alendo ndithu, werengerani miyezi chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nyengo imene mukufuna kuyamba, ndipo kalendala ya pa Airbnb ikhale yotseka mpaka nambala ya laisensi ili m'manja. Pulani ya nyumba imene amafuna pa fomu ine ndinachita kuyeza ndekha ndi tepi, kuonetsa zitseko, masitepe ndi pamene pali maalamu. Mukafuna ndikutumizirani ku inbox muone mmene ndinajambulira.