Magalimoto awiri pa timu ndi okwanira mu Formula One

Mwafunsa ngati kungakhale bwino kuti matimu a Formula One, mpikisano wa liwiro la magalimoto wapadziko lonse, aziloledwa kuika magalimoto atatu pampikisano m'malo mwa awiri monga zilili panopa. Ine ndikuona kuti awiri ndi okwanira, ndipo chifukwa chachikulu ndi mmene mapointi amagawidwira. Pampikisano uliwonse waukulu, oyendetsa khumi oyambirira okha ndi amene amalandira mapointi. Matimu akuluakulu monga McLaren, Ferrari, Mercedes ndi Red Bull atati akhale ndi magalimoto atatu timu iliyonse, akhoza kumadzaza malo khumi onsewo, ndipo matimu ang'onoang'ono monga Haas akhoza kutha chaka chonse osapeza kanthu. Popeza ndalama zimene timu imalandira zimadalira kwambiri malo amene yathera pakutha pa chaka, matimu oterewa sangachedwe kugwa.

Nkhaniyi inakula mu 2014 pamene matimu a Caterham ndi Marussia analowa m'mavuto a zachuma, moti mpikisano wa ku Austin ku America unachitika ndi magalimoto 18 okha. Pa nthawiyo Bernie Ecclestone, yemwe anali mkulu wa Formula One, ankakamba zoti matimu akuluakulu awonjezere galimoto yachitatu, koma ganizoli silinapite patali.

Ndimawamvetsa anthu amene amati galimoto yachitatu ingapatse mwayi achinyamata aluso, chifukwa mipando ya oyendetsa ndi yochepadi ndipo ambiri amadikira zaka osaipeza. Komabe njira yabwino yowonjezerera mipando ndi kulandira matimu atsopano, monga Cadillac imene inavomerezedwa kulowa mu 2026 ndi kufikitsa magalimoto pa 22, pamene malamulo amalola mpaka 26.